Funsani Wogwira Fosholo

Anzanga a m'Kamitondo, mu January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu ku Ndola, a Kaunda anaitana anthu kuti apange makopaletivu. Anthu analandira mauwo ndi manja awiri. Boma linapereka ndarama zozulira zitsa, matarakita nabwera. Koma ndani anafunsa mlimi ngati afuna tarakita kapena ng'ombe ndi pulawo? Tarakita ikafa, woikonza kunalibe pafupi. Patapita zaka zowerengeka makopaletivu ambiri anagwa.

Nthenda yomweyo iri pa mgodi. Pamene ndinali kalaliki, nzeru zeni zeni ndinali kuzimva pa cipata, kwa anthu oturuka pansi. Uyu adziwa cimene cithyola wilibala, uyo adziwa jombo yosalowa madzi. Palibe anazilemba m'buku.

Tsono eni migodi amve. Asanaitanitse cipangizo ku Johannesburg, akhazike pansi wocigwiritsa nchito pamodzi ndi wowocerera zitsulo wa m'komboni muno. Ayese, akonze, ayesenso. Cikapulumutsa ndarama, gawo la phindulo lilowe m'matumba mwao, osati kapepala koyamika kopacika pa khoma.