Kukhala Chete m'Nyengo ya Adiventi ku Machinjiri

Mwezi wa Disembala ku Machinjiri umachulukitsa zochita, pakuti mvula ikayamba mabanja amathamangira kupalira ndi kuthira feteleza m'minda, amalonda a pamsika wa Luwanda amaweruka usiku, ndipo makolo amagawa ndalama zochepa pakati pa mpunga ndi nkhuku za Khirisimasi ndi fizi yofunika sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale. Pa nthawi yomweyi mipingo monga wa Katolika ndi wa Anglican imasunga Adiventi, nyengo yokonzekera kubadwa kwa Khristu yomwe imakhala ndi masiku a Lamulungu anayi lisanafike tsiku la 25 Disembala, ndipo cholinga chake ndi kuphunzitsa mkhristu kudikira, kulapa ndi kusinkhasinkha. Kusinkhasinkha ndiko kuganizira mofatsa mawu a Mulungu ndi kuyeza nawo moyo wako, ndipo sikufuna ndalama kapena nyumba yaikulu, koma kumafuna kuzimitsa wailesi ndi foni kwa kanthawi, monga Yesu analawirira kukapemphera kwayekha m'mutu woyamba wa Marko, ndiponso monga Mariya anasungira mumtima zimene abusa ananena m'mutu wachiwiri wa Luka. Atsogoleri a miphakati ndi milaga, yomwe ndi magulu a akhristu opemphera m'makomo, akuyenera kupatula nthawi yachete m'mapemphero awo, chifukwa munthu amene wadekha pamaso pa Mulungu amakumbukira mwana wamasiye woyandikana naye, amabweza ngongole, ndipo amayanjana ndi m'bale amene anakangana naye chaka chisanathe.