PANSI PA GALIMOTO: Sampu ikadyeka, tomato aolera pa Lizulu

Eni malole ndi madalaivala, sabata ino tiyeni tigwade pansi, tisuzumire kumimba kwa galimoto. Ambirife timakonda kupukuta kabini, kulemba mawu okoma kumbuyo, koma sampu, beseni lachitsulo lija losunga oilo kunsi kwa injini, palibe amene amaliyang'ana mpaka tsiku la tsoka.

Taganizirani ma Canter, ma Dyna ndi ma Isuzu onyamula kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato pa msika wa Lizulu. Sayenda pa tala wa M1 pokha ayi. Amalowa m'misewu yafumbi kukatenga katundu kuminda, ena mpaka tsidya la Angonia ku Mozambique. Walira mvula walira matope, anatero akuluakulu. Kuyambira December mpaka March matope amamatirira pa sampu, ndipo mu June ndi July nkhungu ya kumtunda kuno imawanyowetsanso. Miyala ikakhula utoto, chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, basi dzimbiri layamba. Onjezani feteleza wotayikira m'bodi n'kukokololokera kunsi pochapa galimoto, ameneyo ndiye amadya chitsulo ngati chiswe.

Komanso musaiwale kuti malole ambiriwa tinawagula ogwiritsidwa kale ntchito. Kumadera ozizira a ku Japan ndi ku UK amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke. Ndiye galimoto imatha kufika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam ikuwala kunja, kunsi itayamba kale kudyeka.

Sampu yachitsulo ndi yopyapyala abale, nthawi zambiri sikwana n'komwe mamilimita 2. Kabowo konga ka singano n'kokwanira. Oilo amadontha pang'onopang'ono, kenaka tsiku lina pokwera chitunda kanyale kofiira kayaka, mabelingi auma, injini yanoka. Mayi amene anapanga hayala galimoto aima pamsewu manja ali m'khosi, tomato wake akuphwa padzuwa, ngongole ya banki m'khonde ikudikira. Mlandu wa ndani pamenepo?

Nanga titani? Choyamba, imikani pamalo osalala, ikani miyala kumatayala, injini izizire. Osalowa kunsi mutadalira jeke yokha, chonde. Chotsani matope, tsukani ndi palafini kapena sopo wa ufa, muumitse. Gunditsani maginito: ikamata ndi chitsulo, ikakana ndiye kuti ndi aluminiyamu, imene sichita dzimbiri lofiira koma imang'aluka ikamenya mwala.

Ngati dzimbiri lili pamwamba chabe, palani ndi burashi ya waya, kenaka sandipepala mpaka chitsulo chiwale. M'mahadiweya muli mankhwala opha dzimbiri okhala ndi phosphoric acid, pakani, chitsulo chidzada, chiume. Kenaka red oxide, pamwamba pake utoto wopirira kutentha kawiri konse. Koma utoto sugwira pamafuta, ndiye ngati gasiketi kapena wachara wa pulagi akukha, yambani mwakonza zimenezo.

Ngati mukabaya ndi sikuludalaivala pakufewa, kapena pakuchita thukuta la oilo, ndiye kuti chitsulo chatha. Sopo wa mtanda ndi Pratley ndi zongokufikitsani pa galaja ku Dedza kapena pa Ntcheu boma, si mankhwala ayi. Khuthulani oilo, masulani sampu yonse, itsukidwe bwinobwino, ndiye aiwotcherere chigamba kapena mugule ina. Makaniko wofuna kuwotcherera ili pa injini pomwepo mukanizeni, nthunzi ya oilo imayaka, mudzalira galimoto yonse. Mukaimasula yang'ananinso m'kati. Madzi ndi olemera kuposa oilo, amakhala pansi n'kumadya chitsulo mobisa. Oilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka pa dipisitiki, dziwani kuti madzi alowa.

Pali ena amati ingopakani oilo wakuda kunja basi. Zoona, amatchinga madzi kwa kanthawi, koma amakoka fumbi, ndiponso amabisa podontha penipeni. Mudzadziwa bwanji kuti sampu yabooka pomwe ponse pali mbuu?

Tsono a bwana eni galimoto, musamangofunsa kuti lero zalowa zingati. Nthawi iliyonse yosintha oilo, lowani kunsi nokha ndi tochi. Mukatsitsa feteleza, bodi itsukidwe tsiku lomwelo. Mvula ikatha mu April, palani ndi kupenta. Inunso a dalaivala, usiku yalani katoni kunsi kwa injini, m'mawa muone ngati pali kadontho, ndipo mukanene msanga. Kachitini ka utoto ndi sandipepala mtengo wake sufika n'komwe pa tayala limodzi, koma kutsitsa injini kumadya phindu la nyengo yonse ya kachewere.

Sabata ya mawa tidzakamba za mabuleki potsetsereka ndi katundu. Yendani bwino.