Njinga Si ya Makala Okha

Kwathu ku Kauma njinga timaidziwa ngati chonyamulira makala a ku Dzalanyama, matumba a chimanga kapena anthu pa kabaza. Mnyamata akamapalasa wopanda katundu amatchedwa woyendayenda. Ine ndikuti ayi. Alendo amaoloka nyanja kudzapalasa m'mapiri mwathu, pamene ife eni dziko tchuthi chonse chimatithera pakhonde. Anzanga, kuyenda n'kuona.

Komabe aliyense ayambe wadziyesa mphamvu. Wongoyamba kumene alowere ku Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Zitunda zake n'zofatsa, ndipo akalawirira abwerako dzuwa lisanalowe. Wozolowerako atsate msewu wa M1, akhote pa Kamphata mpaka ku Nkhoma, kumene mishoni ya mu 1896 ili m'tsinde mwa phiri. Akatswiri okha ndiwo ayese ulendo wogonera wa ku Dedza, makilomita oposa 80, kenaka atsetsereke kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti kuti akaone Mua, kumene ansembe a White Fathers adafika mu 1902. Msewu umenewu ndi wokhotakhota, ndipo mabuleki akatentha sagwira bwino. Amene amaimitsa njinga ndi patapata asayerekeze n'komwe!

Choncho musachite manyazi kutsika ndi kukankha pachitunda. Tengani pampu, zigamba ndi madzi, pitani awiriawiri, ndipo tsazikani makolo. Pamsewu waukulu malole alibe chisoni, muziwapatukira. Paja akuluakulu adati kuthamanga si kufika.