MAGAZI POTSUKA M'KAMWA SI NKHANI YAING'ONO: ZA CHISEYEYE NDI NYAMAKAZI YOTUPITSA ZALA

 Walerowu ndi wautali ndithu, pezani pokhala.

Mfundo yanga ndi imodzi: tisiye kutenga magazi otuluka m'nkhama ngati chinthu wamba. Ambirife tikatsuka m'kamwa n'kulavula zofiira timangoti mswachi ndi wolimba, basi nkhani yatha. Dzino likayamba kugwedera timati ndi ukalamba. Kuchipatala timapita pokhapokha dzino litatigoneka maso usiku wonse, ndipo tikafika pempho lathu ndi limodzi, "adokotala, lizuleni." Pomwe ofufuza akuonetsa kuti chiseyeye chokhalitsa chili pa ubale ndi matenda opundula manja, amene madokotala amawatcha rheumatoid arthritis. Kwa ife odalira manja posoka ukonde, popalasa bwato ndi poyanika usipa pathandala, nkhaniyi ndi ya chakudya cha ana.

*Nyamakazi si imodzi*

Kwathu kuno chilichonse chophwanya m'mafupa timati nyamakazi, ndiye tiyambe tasiyanitsa. Pali nyamakazi ya kuperepeseka kwa mfundo, yobwera ndi zaka ndi ntchito yakalavulagaga. Imakonda maondo, chiuno ndi msana, ndipo imapweteka kwambiri munthu akagwira ntchito. Imeneyo ndi ina.

Imene ndikunena pano imayamba chifukwa chitetezo cha m'thupi chasokonekera. Asilikali a m'thupi, m'malo molimbana ndi matenda, amayamba kuukira mfundo za mwini wake. Imakonda kuyambira m'mfundo zing'onozing'ono za zala, m'manja ndi m'mapazi, ndipo kawirikawiri imagwira mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Mfundo zimatupa, zimatentha. M'mawa manja amauma gwa kwa theka la ola, ola lathunthu kapena kupitirira, moti mayi amalephera kumanga chitenje kapena kufinya chovala. Munthu amangomva kutopa. Ikalekereredwa imadya fupa, zala n'kupindika osawongokanso.

Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo pa 100 alionse pafupifupi 70 anali amayi. Si matenda a agogo okha ayi. Amagwira ngakhale mayi wa zaka 35 amene ali ndi mwana kumbuyo.

*Nanga m'kamwa mukubwera bwanji?*

Pamene dzino lakumana ndi nkhama pamamatirira litsiro loterera, lodzaza ndi mabakiteriya. Likapanda kuchotsedwa limauma n'kusanduka chikanga cholimba chimene mswachi sungachotse. Nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi. Zikapitirira, nkhama zimasiyana ndi dzino n'kupanga timatumba, ndipo m'kati mwa timatumbamo mumakhala zilonda zosaoneka. Fupa logwira dzino limayamba kutha pang'onopang'ono. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sizipweteka. Munthu akhoza kukhala nazo zaka zambiri akudya kondowole wake bwinobwino, chizindikiro chili fungo la m'kamwa ndi magazi aja basi.

M'timatumba timeneti mumakhala bakiteriya wina dzina lake Porphyromonas gingivalis. Sakonda mpweya, n'chifukwa chake amabisala pansi penipeni. Ali ndi luso losowa pakati pa mabakiteriya anzake: amatha kusintha kachidutswa ka mapuloteni a m'thupi mwathu, kotchedwa arginine, kukhala kena kotchedwa citrulline. Mu 2010 ofufuza a ku Kennedy Institute of Rheumatology ku London anaonetsa kuti bakiteriyayu amasinthadi mapuloteni a munthu mwa njira imeneyi. Tsono tamvani apa: asilikali amene amapezeka m'magazi a odwala nyamakazi yotupitsa ambiri amasaka mapuloteni okhala ndi citrulline omwewo. Kuyeza magazi kotchedwa anti-CCP kumafufuza asilikali amenewa.

Ndifanizire ndi zapadoko. Bwato ndi lanu lomwe, koma usiku wina walipaka penti yachilendo. Alonda a padoko akuliona m'mawa akuliyesa la akuba, akuliswa. Kuyambira tsiku limenelo bwato lililonse lokhala ndi penti yotero akuliswa, ngakhale la m'mudzi momwemo. Ndi mmene ofufuza akuganizira kuti zimachitikira: chitetezo chimaphunzirira udaniwo m'nkhama, kenako n'kukaupitiriza m'mfundo za zala.

Umboni sunathere pomwepo. Mu 2016 gulu la Felipe Andrade ku Johns Hopkins University ku America linapeza bakiteriya wachiwiri wa m'nkhama, wa dzina lothyola lilime, Aggregatibacter actinomycetemcomitans. Ameneyu amatulutsa poizoni woboola maselo oyera a magazi, ndipo maselowo akabooka amasintha okha mapuloteni ambirimbiri kukhala a citrulline. Mu 2023 ofufuza a ku Rockefeller University ndi Stanford University anatsatira odwala nyamakaziyi powayeza magazi kawirikawiri. Anapeza kuti mwa amene analinso ndi chiseyeye, mabakiteriya a m'kamwa ankalowa m'magazi mobwerezabwereza n'kumadzutsa chitetezo, ndipo asilikali osaka citrulline aja ankawagwira mabakiteriyawo.

Palinso china chimene chimandiganizitsa. Ku Netherlands, mu 2004, anayang'ana magazi osungidwa a anthu amene ankapereka magazi kuchipatala ndipo pambuyo pake anadzadwala nyamakaziyi. Pafupifupi theka la iwo anali kale ndi zizindikiro m'magazi zaka zingapo mfundo zisanayambe kupweteka, ena zaka zoposa 10. Kutanthauza kuti moto umayambira kwina, mwakachetechete, usanafike m'manja. Malo amene akuganiziridwa kwambiri ndi m'mapapo, m'matumbo ndi m'nkhama.

*Koma tisathamange*

Ndikudziwa mmene mauthenga amayendera pa WhatsApp. Mawa wina adula zonsezi n'kulemba kuti "nyamakazi imayamba ndi mano, zulani mano muchire." Chonde, limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza lakale.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, dokotala wa ku Philadelphia, Benjamin Rush, analemba za mayi wina amene kuphwanya kwa m'chiuno kunamuthera atamuzula dzino. Patapita zaka pafupifupi 100, William Hunter ku London ndi Frank Billings ku Chicago anafalitsa ganizo lakuti matenda ambiri amachokera ku zilonda zobisika m'kamwa. Madokotala anatengeka nazo, anthu ankhaninkhani anazulidwa mano, ena abwinobwino. Mu 1938 madokotala awiri, Cecil ndi Angevine, anaunika odwala nyamakaziyi 200 ndipo anapeza kuti kuchotsa mano ndi zina zotero sikunkawachiza. Anthu anatsala ndi zibwano zopanda mano, nyamakazi ili pomwepo.

Taonaninso manambala. WHO imati anthu oposa 1 biliyoni ali ndi chiseyeye chachikulu, pomwe a nyamakazi yotupitsa ndi 18 miliyoni aja. Ndiye kuti ochuluka zedi a chiseyeye sadzadwala nyamakaziyi. Pamafunika zinthu zingapo zikumane: chibadwa cha kumtundu, fodya, ndi zina. Ubalewu umayendanso mbali zonse ziwiri, chifukwa munthu wa zala zouma amavutika kugwira mswachi, m'kamwa mwake n'kuipiraipira. Ndipo atayesa kuchiza nkhama za odwala nyamakazi, kafukufuku wina anaonetsa kuti kutupa kwa mfundo kunachepako, wina wa ku France mu 2019 sanapeze kusintha kwenikweni.

Wina afunsa, "Nanga aise, ngati zili choncho ukutivutitsiranji?" Yankho langa ndi ili. Kusamala nkhama kulibe chimene mungaluze. Ngati ubalewu uli wamphamvu, mwatchinga khomo limodzi lolowera matenda opundula. Ngati uli wofooka, mwapulumutsabe mano anu, mudzatafuna chimanga chokazinga muli ndi zaka 70. Chibadwa sitingachisinthe. Koma mswachi ndi fodya zili m'manja mwathu.

*Za fodya ndinene mosabisa*

Alovi anzanga, ndikudziwa kuti usiku panyanja kumazizira, makamaka nthawi ya mwera, ndipo ndudu imaoneka ngati bulangete. Koma pa zinthu zonse zimene munthu angazipewe, fodya ndiye wotsimikizika kwambiri pa nyamakazi yotupitsa. Utsi umachititsa kusintha komwe kuja kwa mapuloteni, koma m'mapapo. Fodya yemweyo amawononga nkhama, ndipo amachenjera: amachepetsa kutuluka kwa magazi m'nkhama, wosuta n'kumadziona ngati ali bwino pamene fupa likutha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chingambwe chopichira papepala sichiposa wa m'sitolo ubwino, ndipo agogo oika fodya wopera kunsi kwa mlomo nawonso akupsereza nkhama zawo.

*Tichite chiyani?*

Choyamba, tsukani mano kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, makamaka usiku musanagone kapena musanalowe m'madzi. Lozetsani mswachi pamene dzino lakumana ndi nkhama, mofatsa, osati ngati mukukwecha poto. Mankhwala otsukira okhala ndi fluoride amateteza mano kuti asabooke, koma chochotsa litsiro ndi mswachiwo. Ndiye Colgate akatha musaleke kutsuka. Mswachi wa kamtengo nawo umathandiza ukatafunidwa bwino mpaka kufewa ndipo mukafikitsa mbali zonse, ndi mano a kumapeto omwe. Mchenga ndi makala zimapala dzino ndi kuvulaza nkhama, zisiyeni.

Chachiwiri, magazi akatuluka musasiye kutsuka pamalopo. Ambiri amapalambalala poopa kupweteka, litsiro n'kumachulukira. Pitirizani mofatsa. Pakatha masabata awiri magazi akutulukabe, kapena dzino likugwedera, kapena m'nkhama mukutuluka mafinya, pitani kwa a mano. Mukafika funsani ngati n'kotheka kupala chikanga chija, musangofikira kupempha kuzula. Odwala shuga, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi HIV asamale koposa, chifukwa nkhama zawo sizichedwa kugwidwa. Kusowa zipatso ndi ndiwo zamasamba nakonso kumatulutsa magazi m'nkhama, ndiye mango, magwafa ndi malambe tisazisiyire ana okha.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Ngati mfundo za zala zatupa mbali zonse, manja akuuma m'mawa uliwonse, ndipo papita masabata angapo, thamangirani kuchipatala. Nenani momveka kuti "zala zikutupa ndipo zikuuma m'mawa," musangoti "thupi likuphwanya," angakupatseni Panado n'kubwerera. Miyezi yoyambirira ndiyo ya mtengo wapatali, chifukwa fupa likadyeka silibwerera. Madzi akatayika saoleka. Mankhwala oletsa matendawa kupitirira alipo. Odziwika kwambiri ndi methotrexate, amene amamwa kamodzi pa SABATA, osati tsiku lililonse, moyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo ndi oletsedwa kwa mayi woyembekezera. Palinso sulfasalazine ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja tinkamwera malungo kale. Indocid, Brufen ndi diclofenac za pagolosale zimangogonetsa ululu, matenda akupitirira, ndipo zikamwedwa miyezi yambiri zimatha kuboola m'mimba ndi kuwononga impso. Prednisolone wongogula pamsika nayenso ndi woopsa mukamamwa nthawi yaitali popanda dokotala.

Za mphini ndi zakuti "anaponda mankhwala" ndilankhule mwaulemu, poti ndi makolo athu. Munthu akatha chaka akutemedwa mphini, banja likulozana zala, mfundo zake zikudyeka tsiku ndi tsiku. Matendawa ali ku Sweden, ali ku Japan, ali ku America, kumene kulibe azakhali anu amene mukuwaganizirawo.

Amene muli kale ndi nyamakaziyi, auzeni adokotala akuoneninso m'kamwa. Ngati mswachi ukupulumuka m'manja, ukulungeni chogwirira ndi malegeni kapena kansalu kuti chikule. Ana, athandizeni amayi anu pa zimenezi, si zamanyazi.

*Mawu kwa akuluakulu*

Sindingathe kuloza chala anthu wamba okha. Munthu wa kumudzi wakutali ndi boma sangalipire galimoto kapena boti chifukwa cha magazi a m'nkhama, adikira mpaka dzino livute. Dziko lathu linakhala zaka zambiri lopanda sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Maphunzirowa anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoona za umoyo wa m'kamwa. Zimenezi n'zoyamikika. Koma ndondomeko ya papepala siipala chikanga m'mano a munthu wa ku Makanjira.

Pempho langa ndi laling'ono. Alangizi a zaumoyo amene amabwera kale m'midzi kudzanena za kolera, likodzo ndi masikito awonjezerepo mphindi zisanu za nkhama ndi zala zotupa. Kusikelo ya amayi oyembekezera ndi kukiliniki ya shuga aziyang'anako m'kamwa. Achipatala cha mano akamayendera madera, abwere ndi zida zopalira, osati zozulira zokha. Ndipo inu a komiti ya padoko, mumatha kuitanitsa msonkhano wa maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja, mungalephere kuitana wa zaumoyo tsiku limodzi kuti adzalankhule ndi alovi? Aphungu athu nawonso tiwafunse kuti chipatala chathu chaching'ono chili ndi wa mano kapena ayi, ndipo ngati palibe, adzabwera liti.

Mawa m'mawa mukamatsuka m'kamwa, yang'anani chimene mwalavula. Kenako kaoneni manja a amayi anu, a akazi anu, a achemwali anu, muwafunse ngati amauma podzuka. Ngati mukudziwa wina amene zala zake zayamba kutupa, mutumizireni uthengawu wonse osadula, ndipo ngati satha kuwerenga, muwerengereni.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi.