Za Umoyo Wathu: Cikuto ca Kacilombo ka TB

Kacilombo koyambitsa cifuwa cacikulu ca TB, kamene Robert Koch anakapeza mu 1882, kavala cikuto ca mafuta olimba onga phula la njuci. Akatswiri amawacha mycolic acid. Monga madzi salowa m'phula, mankhwala ambiri salowa msanga m'cikuto cimeneci. Ngakhale asilikali a m'thupi akakameza, kamakhalabe ndi moyo m'kati mwao.

Komabe cikuto comweco ndico cimakaulula. Makhololo akapakidwa utoto wofiira ndi kutsukidwa ndi asidi, tizilombo tina timasuluka, koma aka kamatsala kofiira. Mankhwala a isoniazid, amene anayamba kupatsidwa kwa odwala mu 1952, amakaletsa kupanga mafutawo. Popeza kamaswana pang'onopang'ono, ndipo tina timabisala tili gone, mankhwala amamwedwa miyezi 6: mitundu 4 kwa miyezi 2, kenaka mitundu 2 kwa miyezi 4.

Ife kuno kwa Chikomeni tidziwa kuti cipatala citalika ndipo munda sudikira. Wodwala akaleka kukhosomola, amayesa wacira, nasiya mankhwala. Pamenepo tizilombo totsala timadzukanso, nthawi zina tosamvanso mankhwala, ndipo ana ogona naye m'nyumba amatengera.

Abale, wokhosomola masabata 2 timuperekeze kukapimitsa makhololo ku Lumezi kapena ku Lundazi. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. Amene wayamba kumwa timukumbutse m'mawa uliwonse, timulimireko munda, kufikira adokotala atanena kuti wacira.