Sitika ya i7 isatidyere ndalama

Pa Msika wa Lundazi ndi m'magulu a WhatsApp ogulitsirana katundu, mawu akuti “gaming laptop” afika potsekemera ngati nzimbe. Laputopu ya salaula yabwera pa basi kuchokera ku Lusaka kudzera ku Chipata, ili ndi sitika ya Core i7, basi mtengo wakwera. Mnyamata wagulitsa soya wa chaka chonse, wagula, wafika kunyumba, GTA V ikuyenda ngati ngolo yotitimira m'matope. Ife tikuti uku ndi kuba, ngakhale wogulitsayo aseke nafe bwanji.

Nambala yotsatira i7 ndiyo imanena zoona. I7-3520M ndi ya m'badwo wachitatu, ya 2012, ndipo imajambula zithunzi ndi Intel HD 4000. I5-8250U ndi ya m'badwo wa chisanu ndi chitatu, ya 2017, ndipo imaisiya kutali i7 yakaleyo. Wogulitsa amene akuloza sitika n'kubisa nambala akudziwa chimene akuchita.

Chachiwiri, malaputopu ambiri a HP, Dell ndi Lenovo amene amafika kuno anali a m'maofesi. Alibe khadi ya graphics yapayokha ya Nvidia kapena AMD. Graphics yake ili mkati mwa purosesa momwemo, ndipo ilibe memori yakeyake, imabwereka ku RAM. Ngati RAM ndi 4GB chabe, Windows yatengapo kale gawo lalikulu, gemu ingotola nyenyeswa.

Koma tisapusitsidwenso ndi anzathu onyoza aja, amene amati wopanda Nvidia asamatchule n'komwe za magemu. Amenewo amaonera YouTube ya anthu a ku America amene magetsi sawathimira. Makina odzichepetsawa amatha ntchito ukawadziwa malire. GTA San Andreas, Need for Speed Most Wanted ya 2005, PES 2013 ndi FIFA 14 zimayenda bwino pa graphics yamkati. Pa UHD 620, Ryzen ya Vega 8, kapena Iris Xe ya 2020, GTA V imaseweredwa ukatsitsa chithunzi kufika pa 720p ndi kuika zonse pa mlingo wotsika. Timitengo tiwiri ta RAM ta 4GB timathamangitsa graphics yamkati kuposa kamodzi ka 8GB, chifukwa njira zopitira ku memori zimakhala ziwiri. Kupukuta fumbi pa fani ndi kusewera chaja ili pamoto kumathandizanso. Ndiponso laputopu yotere sidya batire ngati ya magemu yeniyeni, zimene si nkhani yaing'ono magetsi akapita ndipo asainimenti ikudikira.

Vuto lili pa bodza, osati pa makina. Ena ati, “Wogula ndiye azitsegula maso, malonda ndi malonda.” Ayi. Lamulo loteteza ogula la 2010 limaletsa kunamiza munthu za katundu, limaletsanso zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe la CCPC lilipo kulandira madandaulo. Mwana wa Giredi 12 sangadziwe zimene wogulitsa wabisa dala.

Tisanatulutse ndalama, tiyatse laputopuyo pomwepo. Titsegule Task Manager, tipite pa Performance, tiwerenge dzina la CPU, la GPU ndi kukula kwa RAM. Tikumbukire kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel ya m'badwo wa chisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Tipemphe kuti gemu imene tikuifuna iseweredwe mphindi khumi ndi zisanu ife tikuona, kuti tione ngati makina akutentha n'kuyamba kutsimphina. Tipemphe lisiti yolembedwa nambala yonse ya purosesa.

Inu ogulitsa, nenani chilungamo: “Iyi ndi ya sukulu, PES yakale imakoka, zatsopano siingathe.” Mudzagulitsabe, ndipo tidzakutumizirani anzathu. Amene akana kuti tiyese makina, tiyeni timusiyire katundu wake.