Mufuna nyanja mu sitting room? Yambani mwaganiza za malaiti

Mwaona pa Facebook chithanki cha galasi chili na makorali na tunsomba twa mitundumitundu, manje mtima wathamanga. Dekhani, a bwana.

Thanki ya malita 500 ilema kupitilira hafu tani, shelufu ya TV siingakwanise. Manzi ya pa borehole muyambe mwasefa na makina ya RO, ndiye muikemo mchele wa ma aquarium, pafupifupi magalamu 35 pa lita. Wa mu kicheni iyai. Nsomba ziyembekeze masabata 4 olo 6, manzi yakhazikike.

Koma nkhani ikulu ni malaiti. Korali ni chamoyo, si mwala. Pampu ikaima, mpweya usila mu manzi. Usiku umodzi chabe, kuseni mupeza nsomba zayandama pamodzi na ndalama zanu. Gulani inverter na mabatire poyamba. Galasi siithawa.